Nyanja Imene Sinang'ambepo Tenti

Pa 3 Febuluwale 1989 mlendo wina analowa m'kashopu ka telala kuseri kwa depoti ya basi, atanyamula chimtolo chonunkha utsi ndi chinyezi. Anafunsa ngati makina a mayi wa m'shopumo angathe kuboola nsalu yokhuthala. Mayiyo anali atazolowera mayunifomu a ana asukulu ndi madiresi, koma tsikulo ntchito ina panalibe, choncho anavomera. Singano ziwiri zinathyoka, yachitatu inadutsa. Imeneyo inali tenti yawo yoyamba. Chaka chisanathe madiresi anali atazimiririka m'shopumo, ndipo anthu a mumsewuwo anasiya kuwatchula kuti atelala, n'kuyamba kuwati Amatenti.

Tawuniyo ndi yomaliza munthu asanalowe m'nkhalango yaikulu ya kumpoto, momwe muli nyanja zing'onozing'ono zambirimbiri pakati pa mitengo ya paini. Anthu amachokera kutali kudzagona m'mphepete mwa nyanjazo, ndipo pobwerera ambiri ankadutsira kwa Amatenti ndi matenti awo ovulala. Pansi pa shopuyo sipankatha mchenga ndi timasamba ta paini. Pakhoma pankalendewera mazipi a utali wosiyanasiyana, ndipo pansi pa tebulo panali dengu la zidutswa za lona, nsalu yokhuthala ya matenti, zimene mayiwo sankataya.

Aliyense wobwera ndi tenti ankafunsidwa funso limodzi: munagona pati? Sikuti Amatenti ankakonda nkhani za eni. Ankafuna kudziwa chimene chang'amba nsaluyo kuti adziwe kasokedwe kake. Pang'ono ndi pang'ono nkhalango yonse inakhazikika m'mutu mwawo, ngakhale sanapondemo phazi. Nyanja iliyonse anaipatsa dzina lawolawo. Panali ya mphepo, imene inkabweza matenti otumbuka m'misoko. Panali ya utomoni, imene matenti ake ankamata singano. Panali ya mbewa, ya chuku, ndi ya mizu, yomwe inkaboola pansi pa tenti ngati sefa. Akangotambasula nsalu patebulo ankanena okha kumene yachokera mwini wake asanatsegule pakamwa, ndipo kawirikawiri sankaphonya.

Amuna awo anali dalaivala wa lole yonyamula zipika kuchokera m'nkhalango yomweyo. Iwo nyanjazo ankaziona, koma pa galasi lokha. Madzi ankangothwanima pakati pa mitengo n'kubisikanso, ngati munthu watsegula chitseko n'kuchitseka pomwepo. Lamlungu lililonse ankauza akazi awo kuti tsiku lina adzaimitsa lole, adzatsike, aione imodzi yonse yathunthu. Koma katundu ankadikiridwa ku fakitale, ndipo tsikulo silinkafika. Amatenti ankawaseka kuti m'nyumba mwawo muli akatswiri awiri a nkhalango: wina amaidziwa pothamanga, wina amaidziwa m'zibowo.

Adalaivala anapereka makiyi a lole pa 30 Juni 2014. Patapita zaka zingapo maso anayamba kuchita mdima. Pa 11 Epulo 2019 dokotala ananena mosabisa kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, koma mitsempha ya maso ndiyo ikufota, ndipo kuwala kotsalako sikukhalitsa. Apa n'kuti bambowo akungosiyanitsa choyera ndi chakuda, pamene zinthu zina zonse zikusungunuka kukhala utsi. Mlungu womwewo anapunthwa pa muzu wa mtengo wa pabwalo pawo n'kudzicheka msongolo. Kuchokera tsikulo sanatsikenso pakhonde okha. Ankayenda dzanja lili paphewa pa akazi awo, n'kumauza anzawo kuti tsopano asanduka ngolo, injini ndi amayiwa. Anthu ankaseka, koma Amatenti ankamva kulemera kwa dzanjalo, ndipo ankadziwa kuti si la munthu amene akuseka.

M'mawa wina akumwa tiyi, Adalaivala anaika kapu pansi mosamala n'kunena kuti, "Amayi, ndisanazimiretu, ndikufuna ndikaione imodzi nditaima. Ndidzuke m'mawa madzi ali pamaso panga."

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anabwera Loweruka ndi mapu a ku ofesi ya nkhalango osonyeza malo onse ololedwa kumanga tenti m'mbali mwa madzi. Iye ankafuna kuti makolo ake akagone m'kanyumba ka alendo pafupi ndi msewu, koma bambo ake anati msewu anauona mokwanira. Tsono mapuwo anayalidwa patebulo losokera. Namwino ankawerenga dzina la nyanja n'kuonetsa chithunzi chake pafoni, mayi ake n'kupukusa mutu. Iyo ndi ya mizu, abambo ako akagwa tsiku loyamba. Iyo ndi ya mphepo. Iyo ndi ya chuku, tikabwerako ndi chifuwa. Mwanayo anadandaula kuti zithunzi zonsezo n'zokongola, mayi ake n'kumuyankha kuti wojambula sajambula pansi.

Chakumapeto chala cha namwino chinaima pa nyanja ina pamwamba penipeni pa mapu, yofikako pa boti potsata mtsinje. Anawerenga dzina lake. Amatenti anafufuza m'mutu mwawo. Anamuuza kuti awerengenso. M'zaka zonse za ntchito yawo, palibe tenti ngakhale imodzi imene inabwera kuchokera kumeneko. Analingalira kuti malo amene sang'amba nsalu sangagwetse munthu: kulibe mizu, kulibe minga, mphepo yake ndi yofatsa. Anaimba ku ofesi, anauzidwa kuti malowo ndi ololedwa ndipo anthu amapitako ndithu. Amatenti sanafunsenso zina.

Tenti ya ulendowo anaisoka okha kuchokera m'dengu la zidutswa lija. Inali yachikale, yoima ndi mitengo iwiri ndi zingwe zokhomerera pansi, yamitundumitundu ngati ya munthu wosokonezeka. Pakhomo pake anasokerapo nsalu yachikasu yowala kuti amuna awo azitha kuona polowera. Zikhomo zachitsulo anakasulitsa kwa owotcherera, n'kuzisokera kathumba kakekake.

Ananyamuka pa 14 Ogasiti 2019. Basi inawasiya padoko la matabwa pomwe mwini boti, bambo wamfupi wokonda kuyankhula, anali kuwadikirira. Anawakhazika pakati pa boti, katundu kumapazi, n'kulonjeza kuti adzawatenga pakapita masiku awiri. Mtsinjewo unali wopapatiza, ndipo mitengo inkakumana pamwamba pawo. Amatenti anali atakhala zaka zonsezo akusesa masamba a paini, koma sankadziwa kuti mtengo wake umatalika chonchi, moti khosi linawapweteka poyang'ana nsonga. Fungo limene ankalidziwa m'matenti linali paliponse, lopanda nsalu yolikulunga. Adalaivala ankangofunsa kuti kuli chiyani uko, iwo n'kumayankha kuti mitengo. Nanga uku? Mitengonso. Bambowo anati ngati ndi choncho sanaphonye zambiri.

Kenaka mitengo inapatuka, ndipo mwini boti anazimitsa injini.

Madziwo anali akuda bii, osagwedezeka, ndipo thambo lonse linali litagona m'menemo pamodzi ndi mitambo yake. Patsogolo pawo panali thanthwe limodzi loyera, lalikulu kuposa bwalo la depoti, losalala ngati lochita kupala, lotsetsereka pang'onopang'ono mpaka kulowa m'madzi. Kunalibe phokoso lina kupatula madzi odontha m'mbali mwa boti. Amatenti anazindikira kuti agwira mkono wa amuna awo mwamphamvu, ngati iwo ndiwo ofuna kutsogoleredwa.

Potsitsa katundu, kathumba ka zikhomo kanagwera pathanthwe n'kulira ngwee. Mwini boti anakatola, anasuzumiramo, n'kuyang'ana mayiwo.

"Amayi, izi mukhoma pati?"

Amatenti anayang'ana pansi. Anayenda uku ndi uku kufuna dothi, ngakhale kamng'alu kolowetsamo chikhomo, koma thanthwelo linali lathunthu kuyambira kumadzi mpaka kumene mitengo inayambira. Mwini boti anafotokoza kuti anthu obwera kuno amadziwiratu. Ena amabwera ndi matenti amakono oima okha, ambiri amangoyala pamwalapo, tenti n'kuisiya m'chikwama mpaka kubwerera. Iye ankaganiza kuti munthu wotchedwa Amatenti sangafunike kuuzidwa zimenezo.

Ndi pamene mayiwo anamvetsa. Nyanjayo sinang'ambepo tenti chifukwa tenti yonga yawo siimangidwa kumeneko. Manyazi anawatentha kumaso. Kumadzulo mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo munthu wachikulire wodwala sakanagona pamtetete mvula ikugwa. Mwini boti anati angathe kuwapititsa kutsidya, komwe kuli dothi lofewa pansi pa mitengo, kapena kuwabweza kudoko kusanade. Amatenti anafunsa za kutsidyako, ndipo atamva kuti kuli mthunzi tsiku lonse ndiponso mizu yambiri, anadziwa kuti kumeneko amuna awo akangokhala pakhomo pa tenti ngati pakhonde la kwawo.

Adalaivala, omwe anali atakhazikidwa pa chikwama, anamva zonse. Anati, "Ndiye injini yatisocheretsa?"

"Khalani chete inu, ndikuganiza."

Amatenti anayang'ana tenti, anayang'ana thanthwe. Chakumunsi, pomwe mwalawo unakumana ndi madzi, panali mulu wa miyala yobulungira. Anauza mwini boti kuti azipita, adzabwere tsiku limene anagwirizana. Bamboyo anakayika, anafunsanso kawiri, kenaka analiza injini yake.

Amatenti sankayenda opanda singano yaikulu, ulusi wa phula ndi sizasi. Anatulutsa lona imene anatengera kuyala pansi, n'kuyamba kuidula m'zidutswa. Chingwe chilichonse cha tenti chinafunika thumba lake loti adzazemo miyala m'malo mwa chikhomo. Anakhala pansi miyendo ili tambalale, n'kuweramira ntchito monga ankachitira m'shopu. Singano ikakhala m'manja mwawo sankamva china chilichonse. Anamaliza thumba loyamba, lachiwiri, lachitatu, akudziwiringulira chamumtima za nzeru zawo za m'zibowo.

Atatambasula dzanja kuti auze amuna awo kuti agwireko ulusi, dzanjalo linagwira chikwama chopanda munthu.

Anatukula mutu n'kuwaona Adalaivala ali kutali ndithu, chakumadzi, akuyenda okha. Sankapapasa ndi phazi monga ankachitira kunyumba. Ankayenda ataongoka, manja ali kumbuyo, akutsata m'mphepete mwa thanthwe, mtunda wa mkono umodzi kuchokera kumadzi. Amatenti anafuna kukuwa, koma anaopa kuwadzidzimutsa. Anaimirira, singano idakali m'manja, n'kuwatsatira mwakachetechete.

Bambowo anamva mapazi awo ndipo sanacheuke. Anati, "Musandigwire, amayi. Ndikuona."

"Mukuona chiyani?"

"Kuno kuyera, uko kuda. Pakati pali mzere, ngati wa pamsewu. Munthu sangauphonye." Anaima, n'kutambasula dzanja kuloza kutsogolo. "Ndipo chakudacho sichikutha. Ndakhala ndikudikira kuti mtengo uchitseke, koma sichikutsekeka."

Amatenti anayang'ana kumene ankalozako. Kamphepo kanadutsa pamadzi, mitambo ya m'nyanjamo inasweka n'kulumikizananso. Kutsidya mbalame ina inalira kamodzi, mawu ake n'kuzungulira nyanja yonse asanazime. Anaima pamenepo nthawi yaitali, aliyense payekha, pakati pawo pali mpata woti munthu n'kudutsa.

Pambuyo pake Adalaivala anafunsa kuti matumba aja akufuna miyala ingati. Anati kunyamula katundu ndi ntchito yawo, telala abwerere ku singano yake. Anatsata mzere wawo mpaka pa mulu wa miyala, anasankha woyamba ndi manja, n'kutembenuka kufunafuna kansalu kachikasu ka pakhomo pa tenti imene akazi awo anali ataiyala pathanthwe. Atakaona anayamba kukwera, mwala uli pachifuwa.

Tenti inaima mvula isanafike, ndipo madontho oyamba anawapeza ali m'kati, akumvetsera. Pa 15 Ogasiti m'mawa Amatenti anadzuka n'kupeza pogona pa amuna awo palibe munthu, zipi ya pakhomo ili yotsegula. Ulendo uno sanawatsatire. Anakoleza kachitofu kawo, anatereka madzi a tiyi, n'kukhala pakhomo pa tenti akuyang'ana munthu wamng'onong'ono ataima kumapeto kwa thanthwe loyera, nkhungu ikunyamuka pamadzi patsogolo pake.