Impiresora ya a Policarpo yakwera phiri

Alamu anga a Policarpo ndi munthu woti angapereke moni ngakhale kwa mbuzi. Anakwatira akulu anga a Judite atangobwerera kuchoka ku Malawi kothawa nkhondo, ndipo chiyambire sindinawamvepo akuyamba nkhani asanafunse za ana, za chimanga, ndi za mwendo umene unkakupweteka chaka chatha. Nyumba izipsa uko, iwo ayamba afunsa kaye ngati mwadzuka bwino.

Ntchito yawo ndi yosindikiza mapepala. Anali ndi kachipinda m'chigwa, panjira yochoka ku Ulongwe kupita ku Fonte Boa, ndipo m'menemo munali komputadori yakale yolemera ngati thumba la nyemba, impiresora yosindikizira, ndi batire la galimoto lodya dzuwa. Makadi a ukwati, a ubatizo, mayeso a ana a sukulu, zonse zinkatulukira momwemo. Ine ndinkagulitsa kachewere pakhomo pakepo. M'chigwamo rede ya foni siifika, wofuna intaneti amakwera kaphiri ka miyala kuseri kwa mudzi. Koma makinawo sankaifuna intanetiyo, ankangogwira ntchito yawo phee.

Pulogalamu imene ankasindikizira ndi ya aliyense. Amailemba anthu a m'mayiko osiyanasiyana amene sanaonanepo nkhope, salipidwa, ndipo aliyense wodziwa amaitsegula n'kukonza. A Policarpo anadziphunzitsa okha, mpaka tsiku lina anakonza pamene pankakana ma impiresora akale, dzina lawo n'kulowa m'gulu la okonzawo. Abale inu, tinatopa nazo. Iwo ankawatcha anthuwo abale awo a kubwalo la pa intaneti, ngati anakumbirana nawo manda.

Ndiye kubwaloko kunabuka nkhani. Pulogalamuyo ili ndi kachigawo koyala zilembo papepala, kamene eni ake amati biblioteka ngakhale mulibe buku n'limodzi lomwe. Wina anafuna kukalumikiza ndi kachigawo kena kotenga zilembo zokongola pa intaneti. Funso linali lakuti chingwecho chikhale chokakamiza kwa onse, kapena wochifuna azisankha yekha. Chikakhala chokakamiza ntchito ya okonza ipepuka, chifukwa aziyang'anira njira imodzi yokha, koma makina opanda rede sadzasindikizanso kanthu. Okonzawo anapempha kuti aliyense wa m'gulu alankhule mwezi usanathe.

Atandifotokozera, ndinawauza kuti apa palibe chovuta, akwere kaphiri akalembe kuti ayi, abwereko. Foni yawo ndi ya mabatani, choncho tinamangirira komputadori ndi batire panjinga n'kukankha tonse awiri, ine ndikutukwana mwala uliwonse. Pamwamba analemba m'Chipwitikizi mosamala kwambiri. Anapereka moni kwa akulu ndi ang'ono, anafunsa za mabanja awo ndi za mvula kwawoko, n'kuthokoza ntchito yabwino imene akugwira. Atatero anazimitsa makina.

Ndinawafunsa kuti nanga ayi uja ali kuti. Anandiyang'ana ngati ndalowa m'tchalitchi ndi fodya pakamwa, n'kundiuza kuti munthu woleredwa satula mlandu pamaso pa anthu asanamuyankhe moni, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ulendo wachiwiri tinapeza palibe wayankha, kupatula kachithunzi ka chala chachikulu choimika m'mwamba. Anakhala pamwala n'kumakasinkhasinkha kachalako. Pomaliza anagamula kuti wotumiza kachalako ndi mwana, sangayankhire akuluakulu. Anaganizanso kuti mwina analakwa kupita okha, nkhani yotere imafunika nkhoswe, ndipo anakapempha a Aurélio, aphunzitsi a ku sekondale, kuti akawalankhulire. A Aurélio anavomera, koma anali ndi ulendo wa ku Tete, ndipo anakachedwa komweko. Ine ndinkangolalata ndi mkwiyo. A Judite anangoti ndiwasiye, bambowo anabadwa choncho.

Pamene tinakwera kachitatu mwezi unali utatha, nkhani atatseka. A kubwaloko analemba kuti chingwe chikhala chokakamiza popeza onse agwirizana, kuphatikizapo mnzawo wa ku Mozambique amene wathokoza ntchitoyo ndi mawu okoma. Anawonjezera kuti pa anthu onse opanda intaneti palibe ndi mmodzi yemwe amene wadandaula pa intaneti. Ha, nzeru zina zimafunikadi sukulu! Ndipo pamene alamu anga ankawerenga mobwereza, komputadori inali ikukoka yokha pulogalamu yatsopanoyo, chifukwa iwo omwe anaitchera kuti izitero ikangonunkhiza rede, poopa kutsalira abale awo.

Titatsika tinapeza a Rosária akudikira makadi a ukwati wa mwana wawo. A Policarpo anadina, makina n'kuyankha mwaulemu kuti ayambe apeza kaye rede. Anadinanso, yankho lomwelo.

A Aurélio atabwera anaseka mpaka kukhosomola. Anati nkhani yake ndi yaing'ono: pulogalamu ndi ya aliyense, a Policarpo angathe kubwerera ku yakale ija, kapena kudula chingwecho okha n'kukhala ndi yawoyawo, ndipo malamulo a gululo amalola zimenezo. Ine ndinaomba m'manja. Alamu anga anapukuta fumbi pa impiresora ndi chipewa.

"Aphunzitsi," anatero, "dzina langa lili pa ovomera. Ndikadula kuseri, ndikhala munthu wanji? Ndinakhalapo kale kunja kwa anthu anga. Sindipatukanso."

Tinawanyengerera, tinawakalipira, a Judite anawanyanyala sabata yonse, koma zinali ngati kulankhula ndi chitsa.

Lero amasindikiza pakaphiri. M'mawa uliwonse amakankha njinga ndi katundu yense, kumanga lona pakati pa miyala iwiri, n'kupanikiza mapepala ndi timiyala kuti mphepo isawatengere ku Domwe. Zilembo zake n'zokongoladi, ndisanamepo. Makadi a a Rosária anatuluka ndi timaluwa m'mbali, kungoti ena anakawatola m'munda wa nyemba. M'kachipinda kaja mwalowa wometa tsitsi. Achinyamata amakwera, koma akuluakulu ambiri amangokwera shapa, timinibasi ta kwathu kuno, kukasindikiza ku Ulongwe.

Sabata yatha ndinawaperekera chakudya kumwambako. Tili pomwepo tinaona a Sérgio, akatekisi okalamba amene akhala akubweretsa makadi a ubatizo chitsegulire kachipinda kaja, ataima m'munsi ndi ndodo yawo, mapepala ali kukhwapa. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Anakwera pang'ono, kupuma, kukweranso pang'ono, kenako anatembenuka n'kulunjika kumsewu wa shapa. A Policarpo anaimirira n'kuwatsata ndi maso mpaka anazimiririka m'mabulugamu. Ndinali nditakonzeka kale kuwanyoza, mawu ali pamlomo, koma nditaona nkhope yawo ndinangowameza mawuwo. Anakhalanso pamwala, ndipo chakudya chija sanachikhudze.