Mabushi a Paipi ndi Maso a Apongozi

Mu Chipata monse muno mulibe makanika amene angandidyere. Ndinkatero ine, mokweza, kuti ndi apanjira omwe amve. Ndakulira pamsika ndikugulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, ndipo munthu akanditchulira mtengo ndimayamba ndaseka, kenaka ndimamufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ambiri amatsitsa ndisanamalize kusekako.

Kagalimoto kanga n'kakale, ka giya yamanja. Chaka chimenecho ndodo ya giya inayamba kugwedera ngati dzino lofuna kuguluka. Ndikafuna giya yoyamba ndinkapeza yachitatu, galimoto n'kuzima pakati pa msewu, anthu a njinga n'kumandiimbira mabelu kumbuyo. Ndikanapirira nazo, koma kunabwera nkhani ya apongozi anga aamuna a ku Kasenengwa.

Maso awo onse awiri anachita ng'ala. Munthu amene anayendetsa malole a thonje unyamata wake wonse anafika pomatsogoleredwa popita kumunda kwake komwe. Mkazi wanga anawalembetsa kuchipatala m'tauni, kumene madokotala a maso ochokera kutali amabwera mwa kamodzikamodzi. Anapatsidwa Lachinayi m'mawa, ndipo anachenjezedwa kuti asachedwe, chifukwa odwala ndi ambiri ndipo madokotalawo akanyamuka, kubweranso kwawo sikudziwika. Alamu anga ankati akwere minibasi Lachitatu adzagone kwathu. Ine ndinakana. Ndinati apongozi adzakwera galimoto ya mkamwini wawo, mudzi wonse ukuona.

Lachiwiri ndinapita kwa makanika wanga, bambo wonenepa wosakonda zolankhulalankhula, amene garaja yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Anatsegula boneti, n'kundiuza kuti ndizigwedeza ndodo ya giya iye akuyang'ana. Kenaka anandiitana.

"Onani apa, bosi. Zingwe ziwirizi zimachokera ku ndodo yanu ija kubwera ku giyabokosi. Kumapeto kwake kuli timphete, ndipo m'timphetemo mumakhala mabushi a pulasitiki ogwira chitsulo. Anu anatha kalekale, chingwe chikungovina. Tigule atsopano ndi kapini kake kotsekera, nkhani yatha."

Anatchula mtengo. Ndinaseka, ndinamufunsa za kunyumba.

"Kanthu kofanana ndi batani la shati? Anaikamo golide?"

"Sindine wopanga, bosi. Pitani nokha kushopu mukafunse."

Pansi panali kachidutswa ka paipi yobiriwira yothirira dimba. Ndinakatola.

"Nanga iyi si pulasitiki?"

Anayang'ana paipiyo, n'kuyang'ana ine.

"Kulowa ilowa. Koma ikatentha imafewa, ndipo msewu wa mabampu sifuna. Mumayenda kuti?"

"Kumsika ndi kutchalitchi basi."

Anadula tizidutswa tiwiri, n'kutikanikizira m'timphete tija, n'kumanga ndi waya pomwe panayenera kukhala kapini. Nditakhala pampando ndodo inali nganganga, giya iliyonse ikulowa pamalo pake ngati galimoto yatsopano. Ndinanenereranso mtengo wa ntchito yake, ndikumukumbutsa kuti paipiyo ndinatola ndine, ndipo pamapeto anandiyezera oilo ngati mbasela. Ndinabwerera kumsika ndikuimba likhweru, n'kufotokozera anzanga onse mmene ndamugonjetsera.

Lachinayi tinalawira ndi mkazi wanga. Apongozi tinawapeza atakhala kale pakhonde, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Anakhala kumbuyo ndi mwana wawo. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sachezerana ngati anzawo a pabawo. Mumapatsana moni mwaulemu, zotsalazo zimadutsira mwa mkazi, ngakhale nonse muli m'galimoto imodzi ndipo mukumvana bwinobwino.

Msewu wobwerera unali wa mabampu okhaokha, ndipo dzuwa linali litayamba kuswa. Tisanapite patali giya yachiwiri inayamba kukana, kufuna kuinyengerera. Kumbuyo kunamveka kukhosomola.

"Mwanawe, tawafunsa atate a ana ngati yachiwiri ikulowa bwino."

"Auzeni kuti zonse zili bwino," ndinayankha ine. "Ndakonzetsa dzana lomweli."

Maso analibe, koma makutu a dalaivala analipo. Titayandikira pa timashopu tina pamene pali chigayo, anayankhulanso.

"Mwanawe, pano pali bambo wina wokonza mathirakitala. Dzanja lake n'labwino. Kapena atate a ana angafune kuipumitsa pang'ono galimotoyi."

Ndinamva zimene ankanena. Munthu waulemu ngati iwowo sakanapitirira pamenepo, sakanauza mkamwini kuti imani, mwalakwitsa. Ananditsegulira khomo kuti ndituluke ndekha. Ntchito yake inali ya mphindi zochepa: kumanganso waya wolimba, mwina kuika kabawuti. Koma kuima kunatanthauza kutsegula boneti pamaso pa mkazi wanga, paipi yobiriwira ili poyera, wokonza mathirakitalayo n'kufunsa mokweza kuti waika izi ndani. Ndinayang'ana wotchi, ndinati nthawi yatha, n'kuponda mafuta.

Kutsogolo kuli kamtsinje kouma, ndipo ukawoloka pali chitunda. Pofuna kuchoka pa yachitatu kupita pa yachiwiri, ndodo inangoti lende m'dzanja langa. Ndinaizunguza uku ndi uku, yosagwira kanthu. Injini ikulira, galimoto ikubwerera m'mbuyo. Ndinaponda mabuleki.

Apongozi anavula jekete, n'kuipinda bwinobwino, n'kuuza mwana wawo kuti awatsogolere kutsogolo kwa galimoto. Ndinatsegula boneti. Anapisa dzanja, n'kulibweza msanga, chitsulo chitawaotcha. Sanadandaule. Tinadikira kuti injini izizire, atatufe titaima padzuwa, aliyense akuyang'ana kwake. Kenaka anapisanso, akupapasa pang'onopang'ono mpaka anapeza chingwe chikulendewera. Waya uja anali atagwera panjira. M'kamphete anatulutsamo kachidutswa kofewa ngati chingamu. Anakapotokola ndi zala, anakanunkhiza, n'kukaponya m'tchire.

"Apongozi, pondani kilatchi."

Aka kanali koyamba tsiku limenelo kuti iwo andiyankhule ine mwachindunji. Ndinaponda. Iwo anakankha ndi dzanja kachitsulo ka pa giyabokosi mpaka kanati khethe.

"Ndaika yachiwiri. Ndodoyo musaigwirenso. Tiyenda nayo yomweyi."

Kuyamba pachitunda ndi giya yachiwiri sikunatheke mpaka alimi ena odutsa ndi makasu atatikankha, mkazi wanga ali pakati pawo, nsapato zili m'manja mwa bambo ake. Kuchokera pamenepo tinakwawa. Injini inkabuula, inatentha kawiri, ndipo kawiri konseko tinaima kupempha madzi m'midzi. Ngolo ya ng'ombe yokha ndiyo tinaipitirira.

Kuchipatala tinafika dzuwa litapendeka. Nesi wa pakhomo anatiuza mofatsa kuti mndandanda watsekedwa, madokotala ali ndi anthu okwanira mpaka madzulo, ndipo mawa akunyamuka. Mkazi wanga anachonderera mpaka misozi. Ine ndinayesa luso langa: ndinaseka pang'ono, ndinamutchula kuti mlongo wanga, ndinati munthu mmodzi yekha, wa mbasela. Anandilozera benchi pamene panali agogo angapo amene anabwera pa njinga ndi pa minibasi, ena kuchokera ku Chipangali, onse atafika m'mamawa.

"Ndichotse uti pamenepa, bambo?"

Apongozi anawalembanso pa mndandanda wa ulendo wina, tsiku losadziwika. Nesi yemweyo ataona dzanja lawo lotupa anawapaka mankhwala n'kuwamanga bandeji. Anabwera kudzafuna maso, anapita ndi bandeji.

Anagona kwathu, m'mawa mwake anakwera minibasi. Potsanzika anauza mwana wawo kuti awathokozere atate a ana chifukwa cha kuvutika konse. Ndikanakonda akananditukwana. Mkazi wanga sanandifunsepo za paipi mpaka lero, ngakhale anaiona ndi maso ake. Amangoti akapita kumudzi n'kubwera, ndikamufunsa kuti akuluakulu ali bwanji, amayankha kuti diso lamanzere nalonso lasiya kuona kuwala kwa pakhomo, kenaka amalowa kukhitchini.

Galimoto ndinakaisiya pansi pa mango paja. Makanika anatsegula boneti, anapaka chala pa fumbi lofiira lomwe linali pa injini, n'kuchiyang'ana.

"Kutchalitchi kwanu n'kutali, bosi."

Ndinamuuza kuti agule mabushi enieni ndi kapini kake. Anatchula mtengo womwe uja, ndipo sindinaseke. Giya tsopano ikulowa bwino kwambiri, moti nthawi zina imandikwiyitsa.

Kumsika anzanga sadziwa zonsezi. Akamakangana ndi kasitomala wovuta amandiitana ine, akuti bwera iwe unagonjetsa makanika ndi paipi ya m'dimba. Ndimapita, ndimaseka nawo. Madokotala aja sanabwerebe. Tsono inu amene mwamva zonse, pansi pa mango paja mukuti anapambana ndani?