Madamu Keziya ndi Mapepala Osochera

Madamu Keziya Nyirongo anafika ku Thyolo m'chaka cha 1995 atakwera lole yonyamula nkhuni za kufakitale ya tiyi. Kwawo kunali ku Rumphi. Sukulu zaulere zinali zitangoyamba kumene, ana atadzaza m'makalasi ngati ngumbi, ndipo aphunzitsi ankatumizidwa kulikonse kumene kunali bolodi. Iwo anagwera pasukulu ya pa esiteti ina, pakati pa minda ya tiyi, pomwe pankaphunzira ana a othyola tiyi, a makapitawo ndi a madalaivala a mathirakitala. Chichewa chawo chinkakokera ku Chitumbuka, cha anawo chinkakokera ku Chilomwe, koma pomatha teremu yoyamba anali atamvana bwinobwino.

Anali mayi wamfupi, woyenda mwachangu, woseka ndi mapewa. Chimene anthu anawadziwa nacho msanga n'chakuti sankataya pepala. Kalendala yakale, katoni ya sopo, tsamba la nyuzipepala lokulungira usipa, chilichonse chokhala ndi chithunzi ankati chidzathandiza ana tsiku lina. Makatoni anadzaza kunsi kwa bedi mpaka pamwamba pa kabati. Vuto linali lakuti tsiku linalo likafika, chinthucho sichinkapezeka. Mnzawo akawapempha chithunzi cha mtima wa munthu, ankayankha mokondwa kuti ali nacho penapake. Posakhalitsa aphunzitsi anzawo anawapatsa dzina loti a Penapake, ndipo eni ake ankavomera akaitanidwa choncho.

M'chaka cha 2007 ofesi ya esiteti inasintha makompyuta, yakale imodzi n'kuperekedwa kusukulu pamodzi ndi pulinta yolira ngati chigayo. Ahedi, Bambo Everson, anaiika m'ofesi mwawo n'kuifunditsa chitenje. Aphunzitsi ambiri ankaiopa. Madamu Keziya anaivundukula tsiku lachiwiri.

Pasukulupo panalibe intaneti, koma inalipo kumsika, m'shopu ya Mayi Asma, amene ankataipa makalata ndi kuchita fotokope pamene amuna awo a Stambuli ankayendetsa minibasi. Mayi Asma ndi amene anawaonetsa kuti pa intaneti pali mapepala okonzeratu a mafunso ndi zithunzi, aja aphunzitsi amati mawekishiti, ndipo munthu amangokopera. Madamu Keziya anafunsa ngati mwini wake sadzabwera kudzawalonda. Atauzidwa kuti ayi, anagula fulashi, n'kuimangirira chingwe, n'kumaivala m'khosi ngati mkanda.

Loweruka lililonse ankatsetsereka kumsika. Intaneti inali yaulesi moti pepala limodzi linkatha kuwadikiritsa mpaka Mayi Asma atawiritsa madzi a tiyi, koma iwo analibe changu. Ankakopera za masamu, za Chingelezi, za mbalame za kumayiko amene sankadziwa n'komwe kumene ali. Lolemba ankakhuthulira zonse pakompyuta ya kusukulu, pamaso penipeni pa sikirini. Chaka chisanathe chithunzi cha phiri chimene chinali pamenepo chinakwiririka. Mayina a mafayilowo anali manambala ndi zilembo zopanda mutu, ena ofanana ngati mapasa.

Zinadzawatulukira mu Juni 2008, m'mawa wa chiperoni, nkhungu itaphimba minda yonse. Kunabwera mlangizi wa sukulu za m'deralo, Mayi Hazel, kudzaonerera maphunziro. Madamu Keziya anali atakonza phunziro la mafulakishoni la Sitandade 5, ndipo anali ndi wekishiti yabwino ya malalanje odulidwa pakati ndi panayi. Magetsi anabwera belu litatsala pang'ono kulira. Anathamangira m'ofesi, anasankha fayilo imene ankaikumbukira kuti inali chakumanja mmunsi, pulinta n'kuyamba kugaya. Anatola mapepalawo osawayang'ana, n'kukawagawa m'magulu atawatembenuza chafufumimba.

Ana anatembenuza mapepalawo. Papepalapo panalibe lalanje ngakhale limodzi. Panali tianthu khumi ndi tiwiri tonenepa, toyera mbee, toumbidwa ndi chipale chofewa monga amachitira ana a kumayiko ozizira. Mtsikana wina wakutsogolo, dzina lake Suwi, anakweza dzanja.

"Madamu, anthu awa adwala chiyani kuti mphuno zawo zikhale karoti?"

Kalasi yonse inaphulika. Madamu Keziya anayang'ana pepalalo, anayang'ana mlendo amene anakhala kumbuyo ndi cholembera, mapewa awo n'kuyamba kugwedezeka. Kenaka anauza ana kuti awerenge tianthuto, aone tingati tavala zipewa. Tinali titatu. Atatu mwa khumi ndi awiri ndi gawo lanji? Nanga tonyamula tsache? Phunziro linayenda mpaka belu, ndipo ana anatuluka akukangana za makota.

M'ofesi, Mayi Hazel anayamikira phunzirolo, koma anati m'buku la mapulani munalembedwa malalanje, ndiye akufuna angowaona. Madamu Keziya anati ali nawo penapake. Anatsegula fayilo yoyamba, munali achule. Yachiwiri munali mawotchi. Ahedi anabweretsa tiyi, tiyi anazizira, dalaivala wa alangizi analiza hutala kawiri. Malalanje sanapezeke. Mayi Hazel ponyamuka anangowagwira paphewa n'kunena kuti nkhokwe ndi yodzaza ndithu, chasowa ndi chitseko.

Mawu amenewo anawakhala pamtima. Loweruka anakafotokozera Mayi Asma, amene anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango wawo. Atatha kuseka anawaonetsa kapangidwe ka foda yosungiramo mafayilo, kuipatsa dzina, kuika foda ina m'kati mwake, ndi kusintha dzina la fayilo. Zonsezo sizinatenge mphindi khumi. Madamu Keziya anadandaula kuti bwanji sanawauze kale, ndipo Mayi Asma anati munthu wothamangira kukolola sumuuza za matumba, samva.

Holide yotsatira sanapite ku Rumphi. Anapempha kiyi wa ofesi, n'kumafika m'mawa othyola tiyi akulowa m'minda ndi madengu kumsana. Poyamba anasanja mafayilo potsata mwezi umene anawakopera, koma atagwira masiku awiri anazindikira kuti palibe mphunzitsi amene amalowa m'kalasi kukaphunzitsa Malichi. Anaphwasula n'kuyambiranso.

Apa mnzawo wa Sitandade 7, Bambo Zikani, analowererapo. Iwo ankati ziyambe ndi phunziro, masamu onse pamodzi, Chingelezi chonse pamodzi. Madamu Keziya ankati mphunzitsi wa pulayimale amadziwika ndi kalasi yake, choncho munthu atsegule chitseko cha kalasi yake kaye, maphunziro awapeze m'katimo. Anakangana masana onse akudya nthochi, mpaka Bambo Zikani anagonja ponena kuti amene akugwira mawusi ya kompyuta ndiye mwini mlandu.

Choncho panakhala mafoda asanu ndi atatu, Sitandade 1 mpaka 8. M'kati mwa iliyonse munali maphunziro, m'kati mwa phunziro munali mitu. Fayilo iliyonse ankaitsegula, kuiyang'ana, n'kuipatsa dzina lomveka, monga "Kuchotsera kobwereka, kosavuta" kapena "Ziwalo za duwa, chithunzi chabwino". Malalanje aja anawapeza tsiku lachisanu, ndipo anapezeka kasanu ndi kawiri, aliwonse ndi dzina lakelake.

Chowawa chinali kufufuta. Chala chinkafika pabatani n'kubwerera. Pomaliza anapanga foda ina n'kuitcha "Zokongola koma zopanda ntchito", ndipo mmenemo munalowa mbalame zachilendo ndi mapu a mizinda ya kutali. Anajambula ndondomeko yonse pakatoni n'kuikhoma pakhoma, pansi pake n'kulemba lamulo limodzi: fayilo yatsopano ipatsidwe dzina ndi malo tsiku lomwelo. Sukulu itatsegulidwa, ngakhale ahedi anayamba kuvundukula okha chitenje chija.

M'chaka cha 2009 kunabwera kalata yowakweza kukhala achiwiri kwa ahedi pasukulu ina ya ku Thekerani, kumene kunalibe magetsi. Anzawo anawamvera chisoni, koma iwo anangopempha mapepala. Sabata yomaliza anapulinta wekishiti imodziimodzi mwa zabwino zokhazokha, n'kuziika m'maenvulopu akhaki, kalasi ndi kalasi, phunziro ndi phunziro, zonse m'bokosi lakale la tiyi limene anawapatsa kapitawo wina, bambo wa Suwi. Makatoni a kunsi kwa bedi anawasankhulanso, ambiri n'kuwasiyira mayi wogulitsa mandasi pageti.

Patatha mwezi, foni yawo inalira ali pakati pokopera mafunso pabolodi. Anatuluka n'kukwera pachulu cha kuseri kwa kalasi, pokhapo pamene netiweki inkagwira. Anali Bambo Zikani. Ankafuna pepala la kayendedwe ka magazi m'thupi ndipo ankati alifufuza paliponse.

"Mwatsegula Sitandade 7?" anafunsa Madamu Keziya.

"Ndatsegula, Madamu."

"Lowani mu Sayansi, kenaka Thupi la munthu. Ndi lachitatu kuchokera pamwamba."

Kunamveka kudina, kenaka Bambo Zikani anati alipeza, koma iwo akanaliika pena. Madamu Keziya anawauza kuti asangodzithera mayunitsi, anatsika pachulupo akusasa choko m'manja, n'kubwerera kwa ana amene anali atayamba kale phokoso.