A Mundipeza Atsikira ku Gombe

Dzina loti a Mundipeza anawapatsa ndi alendo. Moyo wawo wonse wa ntchito ankayendetsa basi yonyamula anthu okaona malo, makamaka ku paki ina ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Akaimika basi pageti ankatsitsa anthu n'kunena kuti, "Kasangalaleni, ine mundipeza pompano." Ndipo ankawapezadi, mpando ataugoneka, chipewa chili kumaso, akulondera zikwama za eni ake. Abwana ankati dalaivala sasiya galimoto, ndipo iwo lamulolo analigwiritsitsa, mwinanso chifukwa madzi ambiri ankawachititsa nthumanzi. Mkati mwa pakiyo sanapondemo n'kamodzi komwe.

Koma akafika kunyumba, eee, pakamwa pake! Zonse zimene alendo ankakamba pobwerera, iwo ankazitola n'kukauza akazi awo ngati aziona okha. Ankati kuli miyala iwiri ikuluikulu yotchinga mafunde, ndipo kuseri kwa mchenga kuli dziwe lofunda, la madzi oyera mbee.

"Mayi, tinsomba take n'topanda ulemu," ankatero. "Ukangoviika phazi, tayamba kukujompha zala."

Mayiwo ankangogwedeza mutu uku akusita malaya a kuntchito.

Atapuma pa ntchito, ana anasonkherana kuti makolo awo akaone malowo, awiriwiri. Apa mkuluyu anagwira njakata. Anayamba kudandaula bondo, kenako anati kumwambaku kukuoneka mvula. Mwana wawo wamkazi anangoseka. "Ababa, musawamane amayi. Inu mwakhuta nako, iwo ayi." Koma chimene mkuluyu ankaopa sichinali madzi. Ankaopa kuti mkazi amene wakhulupirira mawu awo kuyambira pa utsikana aona kuti mwamuna wake sadziwa ngakhale njira.

Tsikulo basi inaima pamalo pomwe paja, pansi pa mtengo wa mthunzi pomwe iwo ankaimika basi kale. Miyendo inafuna kutsala, koma mayi anali atatsika kale, atakoleka kachikwama paphewa.

Atangodutsa geti njira inagawikana pawiri. A Mundipeza anakhosomola, nalowera kumanzere molimba mtima. Anayenda, anayenda, mpaka anakatulukira kudzala, kuseri kwa nyumba za alonda, kumene kunali migolo ya zinyalala ndi zovala zoyanikidwa.

"Anthuwa asintha njira," anatero, thukuta lili kamukamu.

"Asinthadi," anayankha mayiwo. "Tiyeni tiyese inayo."

Ulendo uno anatsogola ndi mayi. Njira inatsetsereka m'mitengo, mphepo inayamba kununkhira mchere, kenako mitengo inatha mwadzidzidzi.

Miyala iwiri ija inalipodi. Kunja kwake nyanja inkalusa, koma mkatimu madzi ankangofika pamchenga mwaulemu n'kubwerera. Dziwe linali laling'ono kuposa limene iwo ankasimba, ndipo silinali loyera mbee, linali lobiriwira. Kunali zii. Zimenezi palibe mlendo anawauzapo. Mkuluyo anavula chipewa. Chinawagwira chisoni, poganiza kuti ukalamba wawapeza atagona m'basi, zoterezi zili kuseri kwa mitengo chabe.

Mayi anavula nsapato, nakwinya diresi, n'kulowa m'dziwemo mpaka m'mawondo. Mwadzidzidzi anakuwa, akuseka ngati kamtsikana.

"Tinsomba tanu tija! Tilipodi, abambo!"

A Mundipeza anaima pamchenga, nsapato zili kuphazi. "Mayi," anayamba, "pali nkhani ina yomwe..."

"Ndikuidziwa," mayiwo anawadula mawu. "Masokosi anu ndachapa ndine zaka zonsezi. Munthu wochokera ku gombe, osapezeka ndi mchenga olo kambewu kamodzi?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanati ndinene mukanasiya kusimba. Ine kunoku ndinkabwera ndi pakamwa panupo." Anatambasula dzanja. "Tavulani nsapatozo. Lero ndikufuna ndikachape masokosi a mchenga."