Tsiku limene tinafufuta Sandwe

Ndinali ndi miyezi iwili chabe pa nchito ya utaipisiti ku Petauke, ndikali woyesedwa, pamene abwana anandiponyela mulu wa masitensulo patebulo. Linali lipoti la zitsime limene ndinalitaipa sabata yathunthu. Akuti galimoto yokumba zitsime siingafike ku Sandwe, mseu ngoipa, ndiye paliponse pamene ndinalemba Sandwe ndifufute, ndiikepo Ndake.

"Pakatsala ngakhale pamodzi, mawa musabwele kunchito," anatelo.

Mayo ine! Pa sitensulo palibe inki, taipi imangoboola zilembo. Kufufuta kwake nkupaka mankhwala ofiila onunkha, kudikila aume, nkutaipanso. Ndinawelenga lipoti lonse kawili kusaka Sandwe, koma maso amangothamanga ndi nkhani, mau nkumandizemba. Ndinayamba kulila, kulila kwaukali.

Mesenjala wathu anali bambo wachikulile amene sanapondeko kusukulu. Anati, "Amai, tandionetsani maonekedwe ake mauwo."

Kunena zoona, ndinapsa mtima. Ine wa satifiketi, andithandize munthu wosaina ndi chala? Koma ndinawalozela. Anatenga masitensulo nkumawakweza pawindo limodzilimodzi, chala chikutsika pang'onopang'ono.

"Inu mukuwelenga nkhani," anaseka. "Ine ndikungosaka kanjoka kali kutsogoloka." Ankanena chilembo cha S.

Anapeza asanu ndi awili amene ine ndinawadumpha! Iwo kuloza, ine kupaka. Tili pa tsamba lomaliza anafunsa, "Kodi mau tikuchotsawa akuti chiani?"

Ndinkadziwa kuti kwao nku Sandwe, ndipo ankatiuza kuti chilimwe akazi awo amafukula mchenga kumtsinje kuti apeze madzi. Ndikanatha kunama, sakanadziwa. Koma ndinawauza zonse, za mseu ndi za zitsime.

Anaika sitensulo pansi. Ndinati basi, andisiya, ndipo sindikanawaimba mlandu. Kenako anaikwezanso pawindo, nayang'ana nthawi yaitali.

"Apa, amai, pansi penipeni. Katsala kamodzi."

Ndinapakapo mankhwala aja.

Nchito ija ndinakalamba nayo, ana anga anaphunzila nayo. Lelo kompyuta imasaka ndi kusintha mau musanaphethile nkomwe, koma ine ndikaona zimenezo ndimakumbuka chala chija pawindo. Ndimawathokoza bambo aja mpaka lelo, ndipo manyazi sanandithele. Zitsime zinakumbidwa ku Ndake chaka chomwecho.