Sitima yadongo yopanda chitseko

Usiku wathawu ndinalota ndakwera sitima imene ndinaumbira mwana wanga Yamikani kuseri kwa nyumba.

Kuti mundimvetse anzanga, mwanayu ali ndi zaka zinayi. Sitima sanaionepo, ndipo amayi anga sanamuonepo iyeyo, chifukwa kuno kumene ndinakwatiwa n'kutali ndi kwathu kunjanji. Ndiye atandikakamira ndinamuumbira mutu wa sitima ndi mabogi adongo, matayala tinaika zitsekerero za mabotolo, njanji ya mapesi. Ndinaumbanso kasiteshoni ka kwathu, ndi thanki yake yamadzi. Apongozi akamadutsa ndinkanamizira kusesa, munthu wamkulu kupezeka wagwada padothi.

Ndiye kumalotoko tinali m'kati mwa bogi, Yamikani ali pamiyendo panga. Munkanunkha dongo lonyowa. Pakhoma panali zidindo za zala zanga, chilichonse chachikulu ngati lichero. Woyendetsa anali tambala wa apongozi, atavala chipewa, ndipo palibe amene anadabwa. Kenako tinadutsa nyerere zazikulu ngati ng'ombe zikudya msipu. Kenako basi ndinangoona mlatho wa kwathu, ndi malo aja tinkachapira.

Titafika pasiteshoni azimayi anathamangira kumawindo atakweza malichero m'mwamba monga amachitira, wina nzimbe, wina nthochi. Amayi anga anali pomwepo ndi mbatata yophika, duku lawo lofiira lomwe lija, koma ataonda.

Kwathu sitima siima nthawi yaitali, ndiye mwana timayamba tamutulutsira pawindo kuti wina alandire, kenako mwiniwake n'kumalimbana ndi khamu pakhomo. Ndinamunyamula Yamikani kuti nditero. Koma mawindo aja ndinaboola ndi kamtengo ka machesi. Panangotuluka mkono wake wokha.

Amayi anaugwira mkonowo. Anayamba kusisita zala chimodzichimodzi ngati mmene timachitira ndi khanda.

"Ndi ameneyu, Esinati? Zala zakezi ndi za malemu bambo ako. Tabwera naye ndimuone nkhope."

Ndinathamanga kufuna chitseko. Ndinapapasa khoma lonse, uku ndi uku, ndiye ndinakumbukira kuti chitseko sindinaumbe. Ndinayamba kukanda dongo ndi zikhadabo, koma linali litauma gwa.

Kenako tambala uja analira, sitima n'kuyamba kuyenda. Amayi ankathamanga m'mbali osautaya mkono wa mwana, lichero linagwa, mbatata mbwee munjanji. Ndinaika pakamwa pa kabowo kaja n'kukuwa kuti, "Amayi, tibwera tikakolola!"

Iwo osakwiya, akupuma movutikira, anangoti, "Unateronso chaka chatha."

Ndiye ndinaona mkono wa Yamikani ukubwerera m'kati wokha.

Pomwepo ndinadzidzimuka, mwana ali mtulo pambali panga.

Bambo ake a Yamikani nditawafotokozera aseka, akuti ndi zotsatira za kusewera ndi dothi ngati mwana. Akuti ulendo udikire chimanga chilowe m'nkhokwe, poti panopa kumunda kukufunika manja. Mwina akunena zoona. Koma amayi ndikamawaimbira masiku ano amafulumira kudula, akuti chifuwa chikuwasokoneza kuyankhula.

Ine zomasulira maloto sindizidziwa. Inu amene mumazitha, tandiuzani mosabisa. Ndidikire kukolola, kapena ndim'bereke mwanayu ndizipita?