Pampu ya Mkamwini

A Randa ali ndi zaka 61. Ndi kalipentala pakampani yopanga mipando, ndipo kwa zaka makumi awiri akhala akupalasa njinga imodzimodzi popita kuntchito. Dzinali anawapatsa ndi anzawo, poti randa yopalira matabwa sichoka m'manja mwawo.

Chubu chakumbuyo chili ndi zigamba zisanu ndi ziwiri. Chimaphwa pang'onopang'ono, choncho m'mawa uliwonse akafika pamlatho amatsika n'kupopa. Pampu yawo yakale, yaitali ngati ndodo, inabedwa pageti. Sabata imeneyo anachedwa kawiri, ndipo kapitawo, mwana wadzulodzuloli, anawauza pamaso pa anthu kuti, "Madala, mukachedwanso, benchi yanuyo ndipatsa wina."

Mkamwini wawo atamva, anabwera ndi kapampu konyezimira, kolowa m'thumba la malaya.

"Bambo, aka n'kamakono. Kopepuka ngati nthenga."

A Randa analandira ndi manja awiri. Munthu amene sadula thabwa asanaliyeze kawiri, kapampuko sanakayese. Mphatso ya mkamwini suyiyesa mwini wake ali pomwepo, angati ukumuderera. Anangokaika m'thumba.

M'mawa mwake pamlatho, kapampu kanakana. Kukamwa kwake kunali kwa machubu a kamlomo kowonda, a njinga zampikisano, pomwe chubu chawo n'cha kamlomo konenepa. Anakanikiza mwaukali, mpweya wotsalawo n'kuthawa wonse. Anakankha njinga njira yonse, akutukwana mkamwini, kapitawo ndi wakuba uja pamodzi.

Pabenchi yawo anapeza pali munthu wina.

"Mwafika, madala?" anatero kapitawo. "Tengani sandipepa uyo, muzisalaza miyendo ya mipando."

Kunyumba anakaponya kapampuko patebulo.

"Mkamwini wanuyu mutu wake suyenda! Anaona kunyezimira, tayala osaliyang'ana!"

"Nanga inu munaliyang'ana?" anafunsa akazi awo, osasiya kusita.

Mkwiyo wa a Randa unangowonjezeka, poti tsopano unalibe kopita.

Loweruka analowa m'sitolo ya zipangizo za njinga, njingayo ili m'manja.

"Bambo, muno salowa ndi njinga!" anakuwa wogulitsa.

"Ndiye tulutsa mapampu akowo panja."

Anaphwetsa tayala dala pakhonde. Pampu yoyamba inalibe payipi, inkapinda kamlomo ka chubu. Yachiwiri anapopa mpaka thukuta kamukamu, tayala likadali lofewa ngati tsaya.

"Imeneyo ndi yabwino, bambo, anthu akuikonda."

"Anthu akewo aziyenda pansi."

Yachitatu inali yachitsulo, yosakongola, yokhala ndi kapayipi ka labala kopotokola pakamlomo. Anapopa makumi anayi, tayala gwa. Anaphwetsanso, n'kupopanso. Anatenga imeneyo.

Panopa sachedwa. Pampu amaimanga ndi malegeni pachitsulo cha njinga, ndipo akafika kuntchito amalowa nayo. Benchi sanawabwezere; akusalazabe miyendo ya mipando. Kapampu ka mkamwini kamachirikiza zenera la kukhitchini kuti lisatsekeke ndi mphepo.